Loya Amene Anamanga Bwalo Lozengera Milandu ya Maboma ndi Makampani

Nkhani ya madzulo ano ndi ya Aron Broches, loya wa ku Netherlands amene anabadwa m'chaka cha 1914. Iye anayamba ndi kutumikira boma la kwawo, ndipo mu 1944 anali mlembi wa nthumwi za dzikolo ku msonkhano wa ku Bretton Woods, kumene World Bank inabadwira. Analowa ntchito m'bankiyo mu 1946, nakhala mkulu wa maloya ake mu 1959.

Funso limene linamsowetsa tulo linali ili: boma likalanda mgodi kapena fakitale ya kampani yachilendo, mlanduwo ukazengedwe kuti? Kampani siikhulupirira makhoti a boma limene yakangana nalo. Nalonso boma silingalole kukaweruzidwa kwawo kwa kampaniyo. Pofuna bwalo losakondera, Broches anakamva maganizo a akatswiri a malamulo ku Addis Ababa, Santiago, Geneva ndi Bangkok. Maiko a ku Latin America anakana, poopa kuti mlendo adzakhala ndi ufulu woposa mwini mudzi, ndipo nkhawa yawoyo siinali yopanda pake.

Komabe pangano linalembedwa mu 1965, niliyamba kugwira ntchito mu 1966, chaka chimene Malaŵi analivomereza. Mwa nthawi zambiri mbali iliyonse imasankha woweruza mmodzi, ndipo wachitatu amagwirizana. Mbali zonse zikavomera, palibe imene ingabwerere m'mbuyo payokha. Bwaloli, lotchedwa ICSID, linayang'aniridwa ndi Broches mwini mpaka 1980. Mlandu woyamba unafika mu 1972, pakati pa kampani ya mahotela ya Holiday Inns ndi boma la Morocco.