Mawu Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa ku Chimwankhunda



Ine si dokotala, ndimagwira ntchito m'boma. Koma mwaona kuti mnzathu wina wa konkuno wasiya kubwera ku misonkhano. Sikunyoza ayi. Wandilola kuti ndinene: akudwala multiple sclerosis, matenda a mitsempha ya mu ubongo ndi msana, osowa kuno kwathu. Chikhodzodzo chake chimafinya chokha, mkodzo nkutuluka asanafike kuchimbudzi. Ngakhale minibasi ya ku Limbe amaopa kukwera.

Mankhwala alipo. Mu 2011 dziko la America linavomereza kuti Botox, yemwe uja ena amabayitsa kumaso pochotsa makwinya, azibayidwa m'chikhodzodzo cha odwala otere. Ndi poizoni wa kachilombo ka Clostridium botulinum, koma wochepa chabe amafooketsa minofu yofinyayo kwa miyezi 6 mpaka 9, kenaka munthu nkukabayitsanso. Vuto lake, kwa ena mkodzo umakana kutuluka, ndiye pamafunika kapaipi.

Zoti iye ayenera thandizo lotani, anene ndi madokotala a ku Gulupu. Ife tisonkhe ya mayendedwe. Msungichuma wakhala pakhomopo ndi kope.