Thobwa lathu ndi tizilombo tabwino ta m'mimba

Lero ndabwera ndi nkhani ya m'mimba.

Paja tikamva mawu akuti tizilombo timangoganiza za kolera ndi kamwazi. Komatu m'matumbo mwa munthu wathanzi muli tizilombo tosaoneka ndi maso tochuluka zedi, ndipo tambiri ndi abwenzi athu. Timagaya zakudya zimene mimba imalephera kugaya, monga makoko a nyemba, gaga wa mgaiwa ndi masamba. Pogayapo timatulutsa chakudya cholimbitsa khungu la mkati mwa matumbo, komanso timatsekereza tizilombo toipa kuti tisapeze malo.

Pali chinanso. Mukasiya khasu pamvula limachita dzimbiri. M'thupi namonso mumachitika zofanana ndi dzimbiri tikamapuma, tikamasuta fodya kapena kupuma utsi wa makala. Zimene zimachepetsa dzimbiri limeneli akatswiri amazitcha ma antioxidant. Zimapezeka m'mawere, mapira, bonongwe, chisoso, malambe ndi masawu. Tizilombo tabwino tija timathandiza kumasula zinthu zimenezi m'chakudya kuti thupi lizilandire.

Nkhaniyi si yalero. Mu 1907 katswiri wina dzina lake Élie Metchnikoff analemba kuti alimi a ku Bulgaria amakhala zaka zambiri chifukwa chomwa mkaka wosasa. Tizilombo ta mtundu womwewo ndi timene timasasitsa thobwa ndi chambiko chathu. Kusasako kumathandizanso kuti thupi litenge ayironi wa m'chimanga ndi m'mawere, amene amawonjezera magazi.

Ine ndinaziona kunyumba kwanga. Mdzukulu wanga atamaliza mankhwala a chibayo anayamba kutsekula m'mimba. Anamwino anandiuza kuti mankhwala aja apha tizilombo toipa pamodzi ndi tabwino tomwe. Anandipatsa madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi, nandiuza kuti mwana asasiye kudya. Ndinkamupatsanso phala ndi thobwa latsopano. Patapita masiku ochepa anadzuka n'kuyamba kuthamanga.

Koma mundimvetse bwino anzanga: thobwa ndi chakudya, si mankhwala. Mwana akatsekula m'mimba, thamangirani kuchipatala.

Tsono pali chenjezo. Ambiri mukukumbukira maliro a ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015. Anthu 75 anamwalira atamwa pombe. Anthu ankati ndi ndulu ya ng'ona, koma atayeza anapeza kuti ufa wa chimanga umene anafululira unali utanyowa n'kuwonongeka, ndipo munamera kachilombo kotulutsa poizoni. Poizoni ameneyu satha ngakhale muwiritse.

Choncho ufa wonyowa, wachuku kapena wonunkha, tayani. Musati "n'ngwa thobwa basi." Madzi akhale owiritsa, mtsuko wotsuka bwino ndi wovundikira, ndipo musambe m'manja ndi sopo. Inu amayi ogulitsa thobwa kumsika wa Zóbuè ndi m'mbali mwa msewu wa ku Moatize, mabotolo aja muzitsuka ndi madzi otentha. Chikho chimodzi chisamazungulire anthu onse.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amene ali ndi funso atukule dzanja, kapena alembe tidzaliwerenge pa pulogalamu ya sabata yamawa.