Maganizo Anola Maso

Aphunzitsi a m'sukulu za m'midzi amdziwa mwana wotere: ayang'anitsa pabolodi, koma polemba m'buku mwace aika "m" pamene pali "n", kapena alumpha lemba limodzi. Mphunzitsi wina amuyesa waulesi, wina amuyesa wodwala maso. Komatu mlandu sugamulidwa mboni zisanalankhule, ndipo mboni yoyamba ndilo diso lomwe.

M'kati mwa diso, cakumbuyo, muli kansalu kolandira kuunika, ndipo pakati pace pali kadzenje kochedwa fovea. Ndi pokhapo pamene diso lisiyanitsa bwino tinthu tating'ono toyandikana. Malo amene munthu awaona bwino cotero ngocepa, ngati cala cacikulu pamene watambasula mkono. Za m'mbali zioneka mwacimbuuzi, ndipo malemba othithikana asokonezana.

Koma diso siligwira nchito lokha. Hermann von Helmholtz, wa ku Germany, amene anamwalira m'caka ca 1894, anapacika pepala la malemba m'cipinda ca mdima. Analunjika maso pa kadontho kowala pakati pa pepalalo, nasankha mumtima mbali imodzi, naliunikira kamphindi ndi mphaliwali ya magetsi, maso asanathe kusuntha. Malemba a mbali yosankhidwayo anawawerenga, enawo iai. Tsono maganizo angathe kupita kumene maso sanapite.

M'caka ca 1998 Yaffa Yeshurun ndi Marisa Carrasco, a ku New York University, anaonetsa anthu timizere tambirimbiri, nawauza apeze kagulu kopendekera kwina. Cizindikilo cikaitanira maganizo ao ca m'mbali, kumene diso liri lofooka, anakapeza bwino koposa. Koma cikawaitanira pafupi ndi pakati, kumene diso liri lakuthwa kale, anayamba kuphonya, monga munthu wowerenga ulusi wa nsalu osaona maluwa ace. Cotero maganizo anola maso, ndipo kunolako kuthandiza kapena kulepheretsa monga mwa nchito yace.

Cifukwa cace mphunzitsi pophunzitsa malemba ofanana aloze ndi kamtengo, nayembekeze kufikira ana onse aika maganizo pomwepo. Alembe motayanitsa, nafafanize za dzulo, pakuti bolodi lodzala lisokoneza maso a ana. Asalankhule zina pamene ana alikukopa. Koma poonetsa mapu a dziko, ayambe ndi maonekedwe a dziko lonse, mitsinje ndi midzi zidze pambuyo.

Asaiwale cinthu cimodzi: maganizo salowa m'malo mwa mandala. Mwana wotsinzinira, kapena wosendera kubolodi masiku onse, akhale patsogolo, ndipo makolo ace auzidwe kuti apite naye kucipatala. Koma ngati mwana awerenga bwino akamlozera, naphonya pamene palibe womlozera, mphunzitsi ayambe wakonza bolodi lace asanamdzudzule.