Bizinesi Isamatseke Mwini Wake Akapita Kumaliro



Pobwera ku mwambo uno wopereka masatifiketi m'mawawu ndinadzera kumsika. Ndinapeza okala ina yokhoma, loko ali lende pachitseko. Nditafunsa mnyamata wogulitsa nthochi chapafupi, anandiuza kuti eni ake apita kumaliro ku Ntcheu, abwera Lachisanu. Kupita kumaliro sikulakwa, ndiwo umunthu wathu. Koma kuyambira lero mpaka Lachisanu, onse amene amagula mchere, sopo ndi mafuta ophikira pamenepo alowera kwa woyandikana naye, ndipo ena sadzabwereranso. Mwini nyumba naye pakutha pa mwezi adzafuna lendi yake yonse. Ndiye funso limene ndabwera nalo ndi ili: inuyo mukachokapo, bizinesi yanu imapitiriza kupuma, kapena imakomoka mpaka mutabwera?

Ndikufunsa chonchi chifukwa zinandionekera. Ndinayamba ndi chigayo chimodzi, ndipo zonse ndinkachita ndekha. Makiyi ankagona m'thumba mwanga. Wolandira ndalama ndinali ine, wogula mayunitsi a magetsi ndinali ine, lamba akaduka wokwera basi kupita ku Limbe ndinali ine ndemwe. Anthu ankanditama kuti ndine wolimbikira, inenso ndinkaona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira. Kenaka ndinadwala, ndinagonekedwa m'chipatala masabata atatu. Tsiku lachinayi sefa inang'ambika. Anyamata anga awiri, anthu okhulupirika amene ndinakhala nawo zaka zambiri, sankadziwa nambala ya sefayo, sankadziwa sitolo imene ndinkagulako, ndiponso analibe chilolezo chotulutsa ngakhale tambala osandifunsa. Chigayo chinangoti zii, nthawi yokolola, amayi akudutsa pakhomo ndi madengu pamutu kupita kwina. Anyamatawo sanalakwe kanthu, amene anawamanga manja ndi ine. Ndili chigonere pabedi paja ndinazindikira kuti chimene ndinkachitcha bizinesi zaka zonsezo chinali ganyu imene ndinadzilemba ndekha, ganyu yopanda tsiku lopuma.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira masitolo a Mandala. Kampani imeneyi inayambika mu 1878, ndipo anabwera kudzaiyendetsa ndi abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi amene John Moir ankavala, ndipo nyumba imene anamanga ku Blantyre mu 1882 ilipo mpaka lero. Sindikuyamikira zonse za nthawi ya atsamunda, ayi. Koma taganizani: eni ndalama anali ku Glasgow, kalata inkayenda masabata ambiri pasitima yapamadzi, foni kunalibe, koma malonda anayenda zaka zoposa 100, oyambitsa aja atamwalira kalekale. Ankatha bwanji? Chilichonse chinkalembedwa, ndipo aliyense ankadziwa ntchito yake ndi polekezera mphamvu zake. Ife lero foni ili m'manja, koma timalephera kusiya golosale tsiku limodzi.

Nditachira ndinagula kope la ana asukulu. Ndinalembamo nambala ya sefa, kukula kwa lamba, sitolo yogulako, mmisiri woitana injini ikavuta, ndi zoyenera kuchita m'mawa chigayo chisanalizidwe. Kenaka tinagaya masiku angapo ine ndili pomwepo, tikuwerenga ndowa zimene zagayidwa ndi mayunitsi amene atha pamita ya ESCOM. Apa ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene panandimasula. Mita sinama. Mukadziwa kuti mayunitsi akuti amagaya ndowa zakuti, ndiye kuti madzulo mukungofuna zinthu zitatu: mayunitsi atha angati, ndowa zalembedwa zingati, ndalama zilipo zingati. Zitatuzi zikagwirizana, gonani tulo. Zikasemphana, mwadziwa tsiku lomwelo, osati pakutha pa chaka. Bizinesi iliyonse ili ndi mita yake. Wophika mandasi adziwe kuti thumba limodzi la ufa limatulutsa mandasi angati. Telala adziwe kuti mpukutu wa nsalu umatuluka mayunifomu angati. Mwini golosale awerenge katundu wa pashelefu tsiku loikika sabata iliyonse, pamodzi ndi wogulitsa wake.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: andibera. Mantha amenewa sindikuwapeputsa, anthu amabadi. Koma kukhala pakauntala kuyambira m'bandakucha mpaka usiku si mankhwala ake. Wolandira ndalama akhale wina, wolemba m'buku akhale wina. Malipiro muzipereka pa tsiku lake, chifukwa wantchito amene mwamusunga ndi njala miyezi iwiri mwamuika nokha m'mayesero. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe pepala lofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, ndipo pepala limeneli limatetezanso inu. Mukatero mupatseni mphamvu yeniyeni. Muuzeni kuti chinthu chikawonongeka, ndalama zosapitirira zakuti agwiritse ntchito osakuimbirani, bola asunge lisiti. Adzalakwitsa nthawi zina. Inenso ndinkalakwitsa, kungoti panalibe wondifunsa.

Pali dzanja lina limene limatha mpamba kuposa la wantchito, ndipo ndi la ife eni ake. Ndiwo zasowa kunyumba, tatapa. Mwana wabwezedwa fizi, tatapa. Apongozi abwera kudzatenga shuga, ndipo mtsikana wogulitsa sangawakanize, angayambe bwanji? Madzulo ndalama zaperewera, tikuyang'ana mtsikana uja ndi diso lofiira. Dziikireni malipiro a pamwezi ngati wantchito aliyense, ndipo achibale muziwathandiza kuchokera pamenepo. Chilichonse chotuluka pashelefu chilembedwe, ngakhale wotenga akhale inu, amayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba. Nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yolandirira ndalama za malonda ikhale yosiyana ndi imene mumatumizira ndalama kumudzi.

M'kope muja mulembenso kaikidwe ka mitengo. Mukukumbukira mu November 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anasangalala kuona katundu akutha msanga, koma atapita kukaoda anabwerako ndi makatoni ochepa kuposa amene anagulitsa. Wamalonda wozindikira amaika mtengo poyang'ana ndalama imene akaodere mawa, osati imene anaodera dzulo. Tsono nzeru imeneyi ikakhala m'mutu mwanu mokha, inu muli paulendo, wogulitsa wanu adzamwaza mpamba wonse ali ndi mtima wabwino.

Ndiloleni ndikhudze nkhani imene ambiri sitikonda kuimva. Pali ulendo wina umene sitibwerako Lachisanu. A Gogo Chalo ndi mafumu ali panowa aweruzapo milandu yambiri ya chigayo, minibasi kapena sitolo imene inatha pasanathe chaka mwini wake ataikidwa m'manda. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo n'lothandiza. Koma lamulo silingapatse mayi wamasiye nambala yachinsinsi ya foni imene bambo sanamuuze, kapena mayina a anthu amene anatenga katundu pangongole popanda kulembedwa. Kalembetseni bizinesi yanu kuboma, tengani TPIN ku MRA, tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesiyo ndipo pakhale wina wosainira nanu. Lembani wilo muli ndi mphamvu zanu. Kulemba wilo sikuitana imfa, amayi ndi abambo, ndi kukonda ana anu. Ndipo ana amenewo, aakazi ndi aamuna omwe, muziwatenga pokaoda katundu nthawi ya holide, ogulitsa awadziwe nkhope.

Inu amene mukumaliza maphunziro lero, ndikukupatsani ntchito imodzi yokachita mwezi uno usanathe. Sankhani masiku awiri, perekani makiyi ndi kope kwa amene mwamuphunzitsa, zimitsani foni, pitani mukaone makolo kumudzi. Mukabwera, musayambe ndi kukalipa. Khalani naye pansi, mufunseni pamene anakakamira ndi chimene anasowa, ndipo chimenecho mulembe patsamba lotsatira la kope lija. Mwezi winawo mudzachoke masiku anayi. Aphunzitsi, ndikukupemphani kuti mukawayendera mukawafunse za masiku awiri amenewa.

A Wapampando, mwa chilolezo chanu, ndiyambe kupereka masatifiketi.