Ulendo Ungadikire, Matenda Sadikira

M'sewero tamvera lija, banja linasunga ndalama miyezi 6 kuti pa Khirisimasi likacheze kunyanja ku Mangochi. Kutatsala masiku awiri, agogo anadzuka pakamwa patapotoka, dzanja lamanja litafooka, ndipo mawu awo sanali kumveka. Bambo anati, "Tiwasiyire Panado, tidzawaona pobwera." Koma mayi anakana, natenga ndalama za ulendo kulipira galimoto yopita kuchipatala.

Mayiyu anachita bwino. Zizindikiro zitatuzi ndi za sitiroko, matenda ofa ziwalo. Matendawa amadza pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, kawirikawiri chifukwa cha BP. Si ufiti ayi. Tikamachedwa, ubongo umanka nuonongeka.

Agogo akatuluka m'chipatala, ntchito imatsalira ife. Ngati sangathe kutembenuka okha, atembenuzeni maola 2 alionse kuti asatuluke zilonda. Powadyetsa akhale tsonga, ndipo muwapatse phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Chepetsani mchere m'ndiwo. Mankhwala a BP azimwa tsiku ndi tsiku, ngakhale akupeza bwino.

Nanga ana amene analirira ulendo aja? Musawakalipire. Auzeni zoona, kuti agogo adwala ndipo nyanja siithawa. Inunso musadwazike nokha mpaka kufooka. Gawanani masiku ndi abale, paja mutu umodzi susenza denga.

Mwezi wamawa pobwera kusikelo, mudzatenge agogo akwanu kuti adzayezetse BP.