Kuganiza Kwambiri ndi Matenda, Ndipo Ali ndi Chithandizo

Awa ndi mau amene mlangizi wa za maganizo analankhula kwa ankhoswe, aphunzitsi ndi akulu a mipingo pa Mponela.

Mlangiziyo anati m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi muli matenda amene saoneka pa khungu. Munthu agona koma tulo osabwera, nsima imkanika, khasu limlemera, ndipo kanthu kakang'ono kamkwiyitsa. Ena ati ndi ulesi, ena ati walodzedwa. Achipatala ati ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, amene pamudzi atchedwa kuganiza kwambiri. Zimenezi zikapitirira masabata 2, munthuyo asowa chithandizo monga wodwala wina aliyense.

Chithandizo choyamba, anatero mlangiziyo, ndicho kukambirana. Anasimba za Dotolo Dixon Chibanda wa ku Zimbabwe, amene m'chaka cha 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a mu Harare kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu osauka mtima. Ntchitoyi itchedwa Friendship Bench, ndipo wodwala akomana ndi agogowo maulendo 6. Zotsatira zake zinalengezedwa mu 2016: itapita miyezi 6, mwa anthu 100 amene anakhala pa benchi, 14 okha ndiwo anali okhumudwabe, pamene mwa 100 amene sanakhalepo anali 50. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za kuno ku Malawi.

Tsono anafotokoza kachitidwe kake poyerekeza ndi mlimi wa fodya amene wagulitsa mabelo ake motchipa ku Kanengo, ali ndi ngongole ya feteleza, mwana wabwezedwa kusukulu, ndipo kunyumba ndi ndeu tsiku ndi tsiku.

Choyamba, mlangizi amvetsera osadula mau, osadzudzula, mpaka munthuyo atakhuthula zonse.

Chachiwiri, awerenga pamodzi mavutowo, ndipo mwini wake asankha limodzi lokha loti ayambe nalo. Mavuto onse pamodzi ali ngati mtolo wosanyamulika, koma nkhuni imodzi mwana yemwe anyamula.

Chachitatu, mwini wake ndiye atchula njira. Kapena ati akapempha mwini ngongole kuti azibweza pang'onopang'ono, kapena ati agulitsa mbuzi. Mlangizi angofunsa kuti, kodi mudzapita liti, ndipo mudzapita ndi yani?

Chachinayi, akomananso sabata yotsatira kuona ngati zinatheka. Zikakanika, palibe manyazi. Ayesa njira ina.

Kwa ankhoswe mlangiziyo anati ntchito yao ndi yolemekezeka, koma asafulumire kugamula ngati ali pa bwalo la milandu. Ayambe amva mwamuna payekha, mkazinso payekha, ndipo pambuyo pake awakhazike pamodzi. Aliyense anene chimene chimpweteka, mnzake ali chete. Kawirikawiri ndeu ya ndiwo gwero lake ndi ngongole imene mwamuna wabisa, kapena nkhawa ya mai amene wangobereka kumene. Koma pamene pali kumenyana, mau akuti banja ndi kupirira sathandiza. Lamulo la 2006 liletsa nkhanza za m'banja, ndipo apolisi ali ndi ofesi yothandiza ozunzidwa.

Mau olemera koposa anali akuti pali nthawi imene kukambirana kokha sikukwanira. Munthu akanena kuti moyo wamtopetsa, asasekedwe. Afunsidwe poyera ngati aganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikuika maganizowo mwa iye. Asasiyidwe yekha, mankhwala a mbeu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, ndipo atengedwe tsiku lomwelo kunka ku chipatala cha Mponela kapena cha Dowa. Kumeneko angapatsidwe mankhwala, kapena kutumizidwa ku chipatala cha St John of God ku Lilongwe, kapenanso cha Boma ku Zomba.

Potsiriza anapempha abambo kuti aleke kukhulupirira kuti mwamuna salira, pakuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Anapemphanso ankhoswe ndi aphunzitsi kusunga chinsinsi cha owadandaulira, chifukwa nkhani ikamveka pa chitsime, munthuyo sadzabweranso. Mutu umodzi susenza denga, anatero, ndipo aliyense anapemphedwa kuti sabata yomweyo akayendere mnansi mmodzi amene waleka kuoneka pagulu.