Mapepala a Boma Nawonso Amakalamba

Ndathokoza aphunzitsi anu pondipatsa mpata woti ndicheze nanu lero. Ine ndimagwira ntchito mu laibulale ya pa sukulu ina ya ukachenjede, imene ambiri amaitcha yunivesite. Laibulale ndi nyumba yosungiramo mabuku kuti anthu aziwerenga ndi kubwereka. Koma ine sindisunga mabuku a nthano ayi. Ntchito yanga ndi yosonkhanitsa mapepala ndi mabuku amene Boma limasindikiza.

Mwina wina akuti mumtima mwake, "Ife tangodziwa kumene kulemba dzina, za ku yunivesite zikutikhudza bwanji?" Dikirani pang'ono. Ndikuuzani nkhani ya mayi wina wamasiye, ndipo muona nokha. Koma poyamba ndikuuzeni zimene zili pa mashelefu anga.

Pali nyuzipepala ya Boma yotchedwa Gazette. Mulibe nkhani za mpira, mulibe zithunzi. Muli malamulo atsopano ndi zidziwitso za Boma. Aphungu akavomereza lamulo ku Nyumba ya Malamulo, Pulezidenti n'kusaina, lamulolo siliyamba kugwira ntchito mpaka litasindikizidwa mu Gazette. Nyuzipepala imeneyi ndi yakale kuposa agogo athu. Inayamba kutuluka ku Zomba m'chaka cha 1894, nthawi ya atsamunda.

Palinso mabuku otchedwa Hansard. M'menemo amalembamo mawu amene aphungu amayankhula mu Nyumba ya Malamulo. Ngati mufuna kudziwa kuti phungu wanu anayankhulapo za mlatho wa kwanu kapena anangokhala duu, tsegulani Hansard. Amenewa ndiwo mabuku amene ine ndimawakonda, ndisabise.

Ndiye pali mabuku a kalembera. Ambiri a inu munalembedwapo ndi anyamata ndi atsikana aja oyenda khomo ndi khomo. Zimene munayankha sizinatayidwe. Zinapita ku ofesi yowerengera anthu ndi zinthu ya National Statistical Office ku Zomba, ndipo anazisonkhanitsa m'mabuku. Kalembera wa 1966 anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni. Wa 2018 anapeza opitirira 17 miliyoni ndi theka. Tsono taganizani munthu amene akufuna kudziwa kuchuluka kwa ana ofunika sukulu m'boma lanu, koma watenga buku la 1987. Adzamanga makalasi awiri pamene pafunika anayi. Buku silinaname ayi. Langokalamba.

Apa ndi pamene pagona ntchito yanga. Buku la nthano mukhoza kuligula kamodzi, n'kukhala nalo mpaka kalekale. Kalulu wa chaka chatha ndi yemweyo wa chaka chino. Mapepala a Boma sali choncho. Ali ngati munda. Mukalima lero n'kukagona mwezi wathunthu, mudzapeza tchire.

Nanga mapepalawa ndimawapeza bwanji? Ena amaganiza kuti amangobwera okha. Ayi ndithu. Lilipo lamulo lakuti wosindikiza buku m'Malawi muno apereke limodzi ku National Archives, nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za Boma ku Zomba. Koma lamulo limenelo silitchula shelefu yanga. Ine ndiyenera kulondola ndekha. Ndimalemba makalata ku maunduna. Ndimaimba lamya. Ndimafunsa kwa osindikiza a Boma, a Government Printer. Ndili ndi kaundula m'mene ndimalembamo nambala ya Gazette iliyonse imene yafika. Ndikaona kuti nambala 20 yafika, 22 yafikanso, ndimadziwa kuti 21 yasowa, ndipo ndimayamba kuifunafuna monga mmene mayi amafunira mwanapiye madzulo.

Kale, likulu la dziko lili ku Zomba, maofesi ambiri anali pamodzi, ndipo wosunga mabuku akanatha kungoyenda pansi. M'chaka cha 1975 likulu linasamukira ku Lilongwe. Pambuyo pake Nyumba ya Malamulo nayonso inatsatira. Masiku ano zambiri amaziika pa intaneti, ndipo munthu akhoza kuwerenga lamulo pa foni ali pakhonde. Zimenezi n'zabwino, sindikana. Koma za pa intaneti zili ngati nsomba m'madzi. Lero mwaiona, mawa yapita. Unduna ukasintha dzina, nthawi zina mapepala ake akale sawonekanso pamene anali. N'chifukwa chake ndikapeza lipoti latsopano sindizengereza. Ndimalisunga mu kompyuta tsiku lomwelo, ndipo lofunika kwambiri ndimalisindikizanso pa pepala.

Pepala nalonso lili ndi adani ake: chiswe, chinyontho ndi moto. M'chaka cha 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira anapsa. Mu Disembala 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu inapsanso pamodzi ndi mabuku ake. Nkhokwe imodzi siyokwanira. Chimene chili kwa ine chiyenera kukhalanso kwa anzanga a m'malaibulale ena.

Tsopano nkhani ija ya mayi wamasiye.

Malamulo a dziko lino ali m'mabuku akuluakulu, olemera ngati njerwa. Masamba ake sanamatidwe ngati a buku wamba. Amagwidwa ndi tizitsulo kuti lamulo likasintha munthu achotse masamba akale, aikemo atsopano. Masamba atsopanowo asanafike, lamulo latsopano limapezeka mu Gazette mokha.

Tsiku lina mnyamata wina wophunzira pa sukulu pathu anabwera ndi mayi ake. Mayiwo anavala zakuda. Amuna awo anali atamwalira, ndipo maliro atangotha alamu awo anabwera kudzatenga njinga, malata ndi makina osokera. Makinawo ndi amene mayiwo ankapezera fizi ya ana.

Mnyamatayo anati, "Bambo, tithandizeni. Tikufuna tione chimene lamulo limanena pa chuma cha masiye."

Ine ndinatsitsa buku lalikulu lija, n'kutsegula lamulo la 1967. Tinawerenga pamodzi, mnyamatayo akumasulira mayi ake m'Chichewa. Lamulo limenelo linkati munthu wa ukwati wa chikhalidwe chathu akamwalira osasiya wilo, gawo lina la chuma lipite kwa achibale olowa chuma mwa mwambo. Mayi aja anangoti, "Zikomo bambo, tamva." Anamanga mpango wawo n'kunyamuka.

Atatuluka, maso anga anagwa pa mulu wa ma Gazette umene unali pa tebulo langa. Unakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndinkangoti ndiusanja mawa, ndiusanja mawa. Mtima unandigunda. Ndinayamba kuvundukula, ndipo pakati pa muluwo ndinapeza lamulo latsopano la chuma cha masiye, la chaka cha 2011. Lamulo limeneli linafafaniza lija la 1967. Limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Limanenanso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.

Anzanga, ine ndi munthu wamkulu, koma tsiku limenelo ndinathamanga ngati mwana. Ndinawapeza pa geti akudikira basi.

"Mayi, pepani, tabwererani. Ndakuwerengerani lamulo lakufa."

Mayiwo anandiyang'ana nati, "Kodi bambo, lamulo limafanso?"

Ndinayankha kuti inde mayi, limafa, ndipo lina limalowa m'malo mwake. Tinabwerera. Tinawerenga latsopanolo pang'onopang'ono. Ine si loya, ndipo ndinawauza zimenezo. Sindiweruza milandu. Ndinangowalembera dzina la lamulolo ndi chaka chake pa kapepala, ndi kuwauza kuti apite nako ku ofesi ya bwana DC. Patapita miyezi mnyamata uja anadzandiuza kuti makina osokera anabwerera pakhomo. Njinga anali atagulitsa kale.

Cholakwa chinali changa, osati cha buku. Chikhala kuti basi inafika msanga, mayi aja akanapita kwawo ndi mawu anga olakwika, ndipo akanawakhulupirira chifukwa anachokera m'buku la ku yunivesite. Kuyambira tsiku limenelo Gazette sigona pa tebulo langa.

Si lamulo lokhalo limene linasintha. Kale mwana wa zaka 15 ankatha kulowa m'banja makolo akavomera. Mu 2015 aphungu anakhazikitsa lamulo la maukwati lonena zaka 18, ndipo mu 2017 anasinthanso malamulo aakulu oyendetsera dziko kuti agwirizane nalo. Malamulo a malo nawonso anasintha mu 2016, ndipo anawakonzanso mu 2022. Komabe m'midzi mukadali anthu amene amatulutsa kabuku kong'ambika m'chikwama n'kumati, "Boma linatero." Inde linatero, koma linatero liti?

Inu tsopano mukudziwa kuwerenga manambala. Choncho munthu akakuonetsani pepala n'kunena kuti ndi la Boma, musachite manyazi. Litengeni m'manja. Yang'anani chaka, kawirikawiri chimakhala pa chikuto kapena pamwamba pa tsamba loyamba. Yang'ananinso dzina la unduna kapena ofesi imene yalitulutsa. Kenaka funsani kuti, "Kodi palibe lina limene linatuluka pambuyo pa ili?" Funso limeneli ndi lomwe ine ndimadzifunsa m'mawa uliwonse pa ntchito. Ngakhale aphunzitsi a ku yunivesite, amene ali ndi madigiri, amabwera kudzandifunsa lomwelo.

Pali vuto limodzi limene sindingalibise. Ambiri mwa mapepala amenewa ali m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake n'cholimba, cha maloya. Ine zimenezi sizindisangalatsa. Lamulo lokhudza munda wa agogo liyenera kumveka kwa agogowo. Akuluakulu mukukumbukira mmene nyuzipepala ya Boma Lathu ndi magazini ya Za Achikumbi zinkafikira m'midzi m'chiyankhulo chathu, anthu n'kumawerengerana pansi pa mtengo. Pamene pepala lili m'Chingerezi, pitani ndi mwana wanu kapena mphunzitsi wanu. Iye awerenge mawu, inu muone chaka ndi maso anu.

Dziwaninso kuti kufunsa ndi ufulu wanu. Aphungu anavomereza lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a Boma mu Disembala 2016, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli limati ofesi iliyonse ya Boma ikhale ndi munthu wolandira mafunso a anthu. Zilipo zina zimene saloledwa kuulula, monga za chitetezo cha dziko ndi zinsinsi za munthu wina. Koma ndalama zimene khonsolo yanu inalandira zomangira chipatala si chinsinsi.

Laibulale ya ku yunivesite inamangidwira ophunzira ndi aphunzitsi awo, choncho mlendo amayamba wapempha chilolezo pakhomo. Musaope kupempha. Ngati kwanu n'kutali, yambirani pafupi: ku laibulale ya National Library Service, imene ndi ya aliyense, kapena ku ofesi ya DC. Mukafika nenani bwinobwino chimene mukufuna, kaya ndi za malo, za chuma cha masiye kapena za ukwati. Mutenge pensulo ndi kope lanu lomweli la kusukulu. Dzina la pepala ndi chaka chake mulembe nokha, ndi dzanja lanu.

Aphunzitsi anu andiuza kuti ena mwabwera ndi mapepala ochokera kunyumba. Atulutseni tsopano, tiyambe ndi a mayi ali kutsogolowa. Tione limodzi kuti ndi a chaka chanji.